Chipsera cha pa Ndodo ya Annet

Katundu wa malemu Annet Daka anagawidwa Zipporah kulibe, ndipo apa m'pamene zinthu zinakhotera. Maliro atangoikidwa, Zipporah anathamangira kusukulu kumene amaphunzitsa ku Kamitondo, mu Kitwe, chifukwa ana anali pa mayeso ndipo woyang'anira anali iyeyo. Anadziuza kuti kugawa zovala za womwalira ndi ntchito ya achibale, iye ndi mnzake chabe. Mnzake chabe! Anthu amene anagona chipinda chimodzi kukoleji, kubwerekana nsapato, n'kukalambira pa bwalo limodzi la hoki mpaka mawondo kuyamba kulira ngati zitseko zakale. Koma mwambo ndi mwambo, bwenzi sakhala pa mphasa ya abale.

Amene anatsogolera kugawako anali azakhali a malemu, a Felistas, ochokera ku Katete, mayi wa manja achangu ndi pakamwa pachangu kuposa manjawo. Madiresi anapita, mapoto anapita, nsapato zinapeza mapazi atsopano. Kenako a Felistas anapisa dzanja pansi pa bedi n'kutulutsa chinthu chachitali chokulungidwa m'chitenje. Atamasula anapeza ndodo yamtengo, yosalala, yopindika mbali imodzi. Mayiyu hoki anali asanaione chibadwire. Anaitembenuza, kopindika kuja n'kukuloza kumwamba, n'kuigogoda pansi kawiri. Basi misozi inayamba.

"Achimwene, taonani," anatero kwa a Obadiah Daka, bambo a malemu. "Mwana wanu anali atakugulirani kale ndodo yoyendera. Anabisa kuti adzakupatseni pa Khirisimasi. Imfa ndiyo yamudukiza."

A Daka bondo lawo lamanzere linathera pansi pa mgodi, ndipo kuyenda kwawo kunali kogwira makoma. Analandira ndodoyo ndi manja awiri, naikumbatira pachifuwa, nalira kulira kumene sanalire kumanda. Aphunzitsi awiri amene anali pakhomo ankadziwa bwinobwino kuti chinthucho n'chiyani. Koma ndani akanatsegula pakamwa pamenepo? Anangoyang'ana pansi, ndodo n'kukwera basi ya ku Ndola.

Tsono ndodo imeneyo sinali ndodo wamba. Inali mbiri yonse ya Chikho cha Makoleji, mpikisano wa atsikana wa hoki, mpira womenya ndi ndodo, umene Annet ndi anzake anauyambitsa ali ophunzira, kale migodi isanagulitsidwe. Chaka choyambacho matimu analipo anayi okha. Ndodo anazipeza m'kachipinda ka kalabu ya amigodi, zosiyidwa ndi azungu, zina zitadyedwa ndi chiswe. Zipporah anali pagolo, miyendo atamanga masiponji odula ku matiresi akale. Masewera omaliza anali pakati pa koleji ya aphunzitsi ya ku Kitwe ndi anamwino a ku Ndola, atsikana amphamvu ozolowera kunyamula odwala. Palibe amene anagoletsa mpaka dzuwa kupendeka. Kenako Annet, kaputeni wa aphunzitsi, anamenya mpira ndi mphamvu zake zonse, ndodo n'kukhulanso mwala umene unabisala mu udzu. Mpira unalowa, ndipo ndodo inatsala ndi chipsera pamalo popindika paja.

Chaka chotsatira kaputeni wa anamwino anabwera mwachipongwe masewera asanayambe, akuti andigwiritseko ndodo yamwayiyo. Annet anamugwiritsa akuseka. Anamwino anapambana. Kuyambira pamenepo linakhala lamulo losalembedwa kuti masewera omaliza asanayambe, makaputeni onse awiri agwire ndodo ya Annet, mwayi ugawike mofanana, zotsala zikhale za miyendo yawo. Anamwino anasunga chikho zaka zingapo mpaka anthu kutopa nawo. Kenako kunabwera a ku Lusaka ndi nsapato zawo zogula kusitolo, n'kuchinyamula. Migodi itachotsa anthu ntchito matimu anachepa, ena ankabwera pa lole ya makala, koma mpikisano sunafe. Chaka cha mliri masewera kunalibe, komabe Annet ndi Zipporah anapita awiriwiri pabwalo, n'kugwira ndodo, n'kubwerera kwawo. Chikho chenichenicho chinasinthidwa kangapo, aliyense wothandiza ndi ndalama ankafuna chake chonyezimira. Chimene chinatsala kuchokera pachiyambi ndi ndodo yokha.

Ali m'chipatala, mawu atatsala a m'khosi, Annet anagwira Zipporah pamkono. "Zipo, ndodo isadzajombe," anatero. Zipporah analonjeza msanga, monga timachitira ndi odwala, osadziwa kuti lonjezo limalemera mwini wake akapita.

Miyezi inadutsa. Zipporah anamva nkhani ya ndodo yoyendera kwa aphunzitsi awiri aja, ndipo ankangoti ndipita ku Ndola mawa, ndipita mawa. Mpaka tsiku lina Lukundo anamupeza m'chipinda cha aphunzitsi. Lukundo anali mtsikana wa dzulodzuloli, wophunzitsidwa hoki ndi Annet yemwe, ndipo tsopano ndiye ankayendetsa mpikisano, foni ili kukhutu nthawi zonse.

"Ba Madamu, ndodo ili kuti? Manje tatsala na wiki imodzi chabe."

Zipporah anafotokoza. Lukundo anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anaona nkhope ya mnzakeyo n'kusiya.

"Awe, musavutike. Tizapeza ina yakale, tiikwapule na mwala. Ndani azaziba?"

"Nizaziba ine," anatero Zipporah.

Lukundo anatulutsa foni kuti amuonetse atsikana a makoleji a kunja, amene amasewera hoki yawo pa madzi oundana, m'nyumba zikuluzikulu. Kudenga kwa nyumbazo kunali nsalu zolendewera, iliyonse ndi chaka chimene timu inapambana. "Onani anzathu mwamene asungila histore. Ise tili na chani?"

"Tili na ndodo," anatero Zipporah. Atatero m'pamene anamva manyazi, chifukwa ngakhale ndodoyo analibe.

Loweruka m'mawa anakwera basi ya ku Ndola. Njira yonse ankakonza mawu. Chinthu chogawidwa pamaliro sachiitanitsa, ngakhale mwana amadziwa zimenezo. Ukatero ndiye kuti ukunena kuti abale anaba, kapena kuti womwalirayo ndi wako kuposa eni ake. Koma iye sankafuna kulanda. Ankafuna kubwereka tsiku limodzi lokha. Vuto linali loti kuti abwereke anayenera kunena chimene ndodoyo ili, ndipo akanena, mphatso yomaliza ya mwana kwa bambo ake ikanasanduka thabwa lomenyera mpira.

Ku Lubuto, komboni ya mu Ndola, anawapeza a Daka atakhala pakhonde, atavala jekete ngakhale kunkatentha, monga amachitira akulu a mpingo opuma. Ndodo inali pakati pa miyendo yawo, dzanja lili pamwamba. Zipporah anagwada n'kupereka moni, koma maso ake anathamangira pansi. Kumapeto kwa chogwirira, kumene manja a Annet ankafinya, kunali kutakhomedwa kachidutswa ka tayala ndi misomali itatu. Mtima wake unachita ngati waponda minga.

"Mwaiona?" anatero a Daka, akuinyamula monyadira. "Wosoka nsapato wapamsika ndiye anandiikira mphira, inkaterera pasimenti ya kutchalitchi. Mnzanu uja anali ndi maso. Anayeza msinkhu wanga osandifunsa. Taonani, ikufika pachiuno penipeni."

"Ikukukhalani, atate."

"Koma anagula yakale, ya pasalaula. Ili ndi kachipsera apa." Anatsegula dzanja kuti Zipporah aone. Mtengo unali utada ndi thukuta la chikhatho chawo, koma chipsera chinali pomwepo. "Poyamba kankandinyansa. Tsopano chala changa chachikulu chimangokhala momwemo, ngati anachiyezanso. Ndikadzuka usiku ndimakafufuza kaye, ndikakapeza ndiye ndadziwa kuti ndagwira bwino."

Mawu onse amene Zipporah anakonza m'basi anathawa. Anamwa tiyi, anafunsa za bondo, anamva za mlaliki watsopano amene amatalikitsa mapemphero mpaka akulu kuwodzera. Nkhalambayo inkaseka, ndipo kuseka kwake kunali kwa Annet, mutu kupita kumbuyo. Zipporah anawamvera chisoni, nadzimveranso chisoni yekha. Potsanzika, nzeru ina inamugwera, ndipo anailankhula asanaiyeze.

"Atate, Loweruka likubwerali kuli masewera aja mwana wanu anayambitsa. Tikufuna kumukumbukira. Mungabwere mudzakhale nafe?"

A Daka anakweza maso. "Mpira wa atsikana uja? Ankandiitana chaka chilichonse. Pena ndinali pa shifiti, pena msonkhano wa akulu. Komanso masiku amenewo timasiketi tija tinkatilalikira paguwa, ndiye mkulu wa mpingo akapezeke kumeneko?" Anapukusa mutu akumwetulira. "Ndibwera. Ndodo ndili nayo, ndiopanso chiyani?"

Zipporah anabwerera ku Kitwe akudzitama mumtima. Ndodo ibwera yokha, ndi mwini wake yemwe. Adzauza makaputeni kuti akapereke moni kwa agogo ndi manja awiri, dzanja limodzi likhudze ndodo mwakachetechete, basi mwambo watha, palibe wolira. Anafika mpaka pamsika wa Chisokone akuona kuti wachenjera. Anali akudutsa pakati pa matelala pamene anaima chilili, mayi wina wonyamula tomato n'kumugunda kumsana. Pabwalo padzakhala atsikana oposa zana, aliyense ndi ndodo yake m'manja. A Daka bondo ndilo linafa, maso ali nawo.

Sabata imeneyo sanadye bwino. Anaganiza zoimba foni kuti masewera aimitsidwa, koma kunamiza munthu wamkulu kawiri kunamukanika. Anaganiza zouza atsikana kuti abise ndodo zawo, n'kudziseka yekha, popeza hoki yopanda ndodo ndi kuthamanga chabe. Madzi akatayika saoleka. Loweruka linafika, iye n'kupita kukachingamira a Daka pasiteshoni.

Bwalo linali lomwe lija la kalabu yakale, udzu wothothoka, mulu wakuda wa zotaya za kumgodi ukuonekera patali. Matimu anali atafika kuchokera mbali zonse, a ku Chipata, a ku Livingstone, a ku Kasama, aliyense ndi nyimbo zake. Takisi itaima pachipata, a Daka anatsitsa ndodo kaye, kenako mwendo wabwino, kenako winawo. Anayenda pang'ono n'kuima.

Kutsogolo kwawo kunkadutsa atsikana a timu ina, akuthamanga pang'onopang'ono kutenthetsa thupi. Aliyense anali ndi ndodo yopindika, kopindikako kukukwekwereza pansi. Zina zinali zofiira, zina zobiriwira, koma mpangidwe wake unali umodzi. A Daka anayang'ana atsikanawo, nayang'ana dzanja lawo, nayang'ananso atsikanawo. Zipporah ankafuna nthaka itseguke.

"Zipporah."

"Atate."

"Ana onsewa mawondo akuwapweteka?"

Zipporah anayesa kuseka, koma m'malo mwa kuseka munatuluka misozi. Anawatengera pa benchi pansi pa mtengo wa jakaranda, n'kugwada pambali pawo pafumbi, diresi lake labwino osalisamala. Anawauza zonse, kuyambira kachipinda ka chiswe, masiponji a matiresi, anamwino amphamvu aja, mwala wobisala mu udzu. Anawauza za kaputeni wachipongwe, za lole ya makala, za chaka cha mliri, ndi mawu a m'chipatala. Nkhalambayo sinamudule ngakhale kamodzi. Chala chake chachikulu chinkangoyenda m'chipsera muja, kulowa ndi kutuluka.

"Ndiye kuti sanandigulire ine," anatero pomaliza.

Apa Zipporah akanatha kupeza kabodza kena kofewa, ndipo anakafunafuna ndithu. Sanakapeze.

"Ayi, atate. Sanakugulireni."

"Ndipo ine ndakhomamo misomali."

"Simunadziwe."

A Daka anayang'ana kutali, kumulu wakuda uja. Nkhope yawo inagwa, ukalamba wonse n'kuonekera nthawi imodzi. Zipporah anadzida. Lonjezo analisunga, inde, ndodo yafika pabwalo, koma walanda nkhalamba chinthu chokhacho chimene chinkaidzutsa m'mawa. Anaganiza kuti Annet akanakhalapo akanamukalipira, kuti iwe Zipo, mpira ndi bambo anga chachikulu n'chiti?

Masewera ena anapitirira, wezulo ikulira, anthu akukuwa. A Daka anaonerera. Anaona mtsikana wina wamfupi akudutsa anzake atatu, ataweramira pandodo, n'kugwa, n'kudzuka bondo likutuluka magazi, osayang'anako n'komwe. Pamenepo anatulutsa kamawu kapakhosi. "Ankathamanga chonchija?" anafunsa. Zipporah anayankha kuti kuposa pamenepo, ndipo kuti akagwa ankadzuka akutukwana m'Chibemba kuti woyimbira asamve kuti ndi mwana wa mkulu wa mpingo. Milomo ya a Daka inagwedezeka pang'ono, koma sanaseke.

Dzuwa litapendeka inakwana nthawi ya masewera omaliza. Chaka chimenecho amene anafikako ndi aphunzitsi a ku Kitwe ndi timu ya ku Chipata. Matimu anandandalika pakati pa bwalo, makaputeni awiri patsogolo, ndipo kukuwa konse kunazima. Aliyense ankadziwa chimene chikudikiridwa. Lukundo anabwera akuthamanga, foni ili m'manja, koma atafika pafupi ndi benchi anachepetsa liwiro n'kugwada.

"Shikulu, mwapoleni," anapereka moni wa Chibemba, kenako anayang'ana Zipporah ndi maso ofunsa.

Zipporah anapukusa mutu pang'ono. Anali atatsimikiza mumtima kuti sapempha. Ngati mwambo ufe, ufe lero, iye adzakayankha yekha kwa mnzake. Anatsegula pakamwa kuti auze Lukundo kuti ayambe masewera.

"Anaima pati?" anatero a Daka.

"Atate?"

"Tsiku limene anamenya mwala. Anaima pati?"

Zipporah analoza chakumanzere kwa golo la kumadzulo. A Daka anadzuka, nayamba kuyenda. Sanapite kumene kunali makaputeni. Anadutsa mzere woyera n'kulunjika kumene Zipporah analoza, pang'onopang'ono, mphira ija ikusiya timabowo m'fumbi. Bwalo lonse linawayang'ana. Panalibe woseka, ngakhale atsikana ena anali atazindikira kale chimene agogowo akuyendera ndipo ankagwirana mikono. Zipporah ankatsatira pambuyo, manja ali okonzeka kuwagwira.

"Apa?"

"Patsogolo pang'ono. Apo. Mwalawo tinaukumba chaka chomwecho."

Nkhalambayo inaima. Inayang'ana golo, kuyeza mtunda ndi maso a munthu wa kumgodi. Inali patali ndithu.

"Kuchokera pano?"

"Kuchokera pomwepo, atate."

"Mwana ameneyu anali wamakani," anatero a Daka, mawu akuthothoka. "Anandiitana ali moyo, ine mawa, mawa. Ndiye waona kuti bambo awa sabwera ndi mawu. Wachita kundigwira dzanja, kuchokera ku Lubuto mpaka pano."

Anaika dzanja lamanzere paphewa la Zipporah, ndipo Zipporah anamva kulemera konse kwa thupi lawo kukusamukira pa iye. Kenako ananyamula ndodo, naitembenuza, mphira kumwamba, kopindika pansi, monga anaonera kwa atsikana aja. Chipsera chinakhudza nthaka.

"Aitaneni anawo," anatero. "Koma muwauze kuti ndodoyi ndibwerera nayo. Chaka chamawa ndidzabwera nayo ndekha."

Lukundo anakodola ndi dzanja. Makaputeni awiri anabwera, matimu onse n'kuwatsatira ngakhale mwambo sunkatero. Wa ku Chipata anagwada kaye, monga amachitira kwawo, asanatambasule dzanja. Wa ku Kitwe ataona choncho anagwadanso. Anagwira ndodo pamodzi, pamwamba pang'ono pa chipsera, ndipo woyimbira anadikira, wezulo ili m'manja.

A Daka sankawayang'ana. Maso awo anali pansi, pamalo pamene mtengo unakhudza fumbi. Analankhula motsitsa, mawu amene anawamva ndi Zipporah yekha chifukwa phewa lake ndilo linawanyamula.

"Annet, mayi. Ndafika."